Achule a Azakhali

Abale anga, ukwati wanga unatsala pang'ono kufa usanabadwe, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe.

Nthawi imeneyo ndinali pa yunivesite ina kuno ku Joni, ndikufufuza za njoka za m'mimba mwa achule. Inde, achule nawonso amadwala njoka (musaseke, ena sukulu yathu ndi imeneyo). Timang'amba matumbo a chule, n'kutola tinjoka toyera tonga ulusi, n'kutiika m'timabotolo. Sabata imeneyo firiji ya ku labu inawonongeka, ndiye ine ndi nzeru zanga zoperewerazi ndinalongedza achule akufa m'kontena ya ayisikilimu n'kukasunga m'firiji ya kwathu ku Yeoville.

Loweruka kunabwera azakhali ake a Tadala, bwenzi langa, kudzandiona. Amagwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways, ndipo kuno makolo ake a Tadala ndi iwowo. Iwo akati ayi, kumudzi ku Ntcheu nakonso ndi ayi. Ndinasesa, ndinakolopa, malaya ndinasita. Achule okha ndinaiwala.

Tadala atatsegula firiji kuti atenge zakumwa, azakhali anaiona kontena ija.

"Eee, mpaka ayisikilimu! Bwera nayo kuno, mwanawe."

"Ndi ya eni nyumba imeneyo, azakhali," ndinanama.

"Tiwagulira ina."

Anaiika pamiyendo n'kutsegula okha. Achule anali gada, miyendo m'mwamba.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "mwana wathuyu mukufuna kumutani?"

Ndinayankha mofulumira: "Si zamankhwala ayi, ndi za sukulu. Achulewo ndilibe nawo ntchito, ndimangofuna za m'mimba mwawo."

M'malo motseka pakamwa pomwepo, ndinathamangira ku chikwama changa n'kutulutsa kabotolo kuti aone umboni. Tadala anangogwira kumutu.

"Kani muli ndi njoka zomwe?" azakhali anafunsa.

Anadzuka, natenga foni, natuluka pakhonde. Tadala anayamba kulira. Ine ndinamata khutu pachitseko, ndikudziwa kuti zanga zada.

"Achimwene, mnyamata uja ndamuona," ndinawamva akutero. Atamva funso la achimwene awowo, anayankha. "Ayi, si mfiti. Mfiti imadziwa kubisa zinthu zake. Uyu ndi chitsiru chophunzira basi. Musiyeni mwanayu akwatiwe."

Kunena zoona, anthu andinenapo zambiri pamoyo wanga, koma sindinakondwerepo ndi mawu oti chitsiru ngati tsiku limenelo.