Mmene Ndinatetezera Nkhalango ndi Machesi

Mukadzafika ku Tembwe n'kumva anthu akutchula "Aphunzitsi a Moto", musavutike kufunsa. Ndine. Dzinali silinabwere ndi ulemu ayi.

Ananditumiza kuno kuchokera ku Chipata kudzaphunzitsa ana, kenaka n'kundisankha kupita kumaphunziro osamalira nkhalango. Ndinabwerako ndi kabuku, chipewa chobiriwira ndi matama (matamawo ndiwo anali katundu wolemera). Phunziro lomwe linandigwira mtima linali lakuti ukatentha udzu msanga m'mphepete mwa nkhalango, moto wolusa wa m'chilimwe umasowa podutsa.

Kuseri kwa sukulu kunali kankhalango ka mitengo ya tsanya komwe anthu anakasunga zaka zambiri osadulamo. A Nyirenda, bambo wachikulire wapamudzipo, anapachikamo ming'oma yawo ya njuchi. Njovu zikawadyera chimanga, banja lawo linkapulumukira uchi umenewo.

Ntchito yotenthayi imachitika udzu ukadali ndi chinyezi. Koma ine ndinafuna kuti akuluakulu a ku boma adzandionerere. Ndinadikira. Mvula inatha, chisanu chinatha, galimoto yawo osaoneka. Inatulukira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

A Nyirenda anagwira udzu, unangoti thyo!

"Aphunzitsi, manje nthawi inapita. Uwu si udzu, ndi palafini."

"Atate, musade nkhawa, zonse zili m'bukumu," ndinatero (pakamwa pangapa, Mulungu andikhululukire).

Ndinakhwecha machesi. Poyamba moto unayenda mwaulemu, alendo n'kuwomba m'manja. Kenaka kunabwera kamphepo. Mayo ine! Moto unalumpha njira ya m'mphepete mwa nkhalango n'kukwera m'mitengo. Amayi anathamangira kumjigo ndi zidebe, abambo akuthyola nthambi zozimitsira, ine ndikumenya malawi ndi chipewa changa chija (ndinamva pambuyo pake kuti ndinkangoukupizira). Njuchi zothawa utsi zinayamba ndi alendo. Galimoto yomwe tinaidikira miyezi inayi inachoka osatsanzika.

Dzuwa lisanalowe, ponse panali phulusa. Ming'oma yonse inapsa. A Nyirenda sanandilalatire, bola akanatero. Anangotola chikuni chomwe chinali mng'oma wawo, n'kuchitembenuza uku ndi uku.

"Buku lanu lapulumuka, aphunzitsi?"

Linali m'thumba mwanga, losapsa ngakhale tsamba limodzi. Ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Mpaka lero mtima umandiwawa. Loweruka lililonse ndimakawathandiza kusema ming'oma ina pa zipika zakugwa, koma njuchi sizinabwerere, ndipo chaka chino njovu zadutsanso m'munda mwawo. Ndinapempha kuti andisamutse, akuti malo kulibe.

Za nkhalango ndimaphunzitsabe, ndipo anthu amabwera ambiri kuposa kale. Amamvetsera ali chete. Kungoti ndisanatsegule pakamwa, a Nyirenda amayamba andipisa kaye m'matumba kuona ngati muli machesi.