Mapatapata Athu Analakwanji, Bwana wa Kafukufuku?

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu wa Nthambi Yofufuza za Ubongo,
Chipatala Chachikulu cha kuno kwathu ku Isan, Thailand.

Bwana,

Ndaphatikiza manja pachifuwa ndi kuweramitsa mutu monga tinaleredwera, ngakhale simukundiona. Ndine Lamduan, mphunzitsi wa ana a kalasi yachiwiri, munthu wachabechabe woti simungataye naye nthawi.

Ndinakumvani pa wailesi mukudandaula kuti makina anu atsopano akungokhala. Munafotokoza bwino kuti amatumiza mafunde a phokoso losamveka ndi khutu kulowera kunkhongo, popanda mpeni, popanda magazi, ndipo mukufuna kuona ngati angatontholetse miyendo ya anthu amene amanjenjemera akangoima chilili. Munati mukufuna anthu khumi ndi awiri, mwapeza awiri okha, kaundula atsekedwa Lachisanu lino, pakuti matendawa ngosowa kwambiri. Ndinakumverani chisoni, bwana. Munthu kuphunzira mpaka kutsidya kwa nyanja, kubwera nkusowa odwala.

Ine ndine mmodzi wa osowawo. Ndikamayenda simungadziwe kanthu. Ndikakhala pansi, bwinobwino. Koma ndikaima malo amodzi, mphindi isanathe miyendo imayamba kuthamanga yokha m'kati, zala za kuphazi zimakanda pansi, dziko nkupendekeka. Dokotala wa kwathu anaika chomvera chake pakatumba panga, nati m'katimo mukulira ngati helikopita. Ndiye anandilembera kalata yobwera nayo kwa inu.

Mukudziwa kuti 8 koloko iliyonse sukulu yonse imaima pa mbendera: nyimbo ya fuko, pemphero, kenako ahedi alankhule mpaka akhute. Ine ndimazungulirazungulira kumbuyo kwa ana ngati ndikuwayendera zikhadabo. Mwezi watha ahedi anandiitana. "Aphunzitsi," anatero, "mbendera sitiivinira. Teremu ino ikatha musanaphunzire kuima, mukapume kunyumba." Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndili m'kalasi, ndipo kupumako sindikukufuna.

Tsono ndiloleni ndithokoze pa zimene ndapeza pachipatala panu.

Choyamba, zikomo pothetsa mzere wa mapatapata. Chibadwire changa, munthu akafika pamalo odikira amavula mapatapata, kuwandandika kumbuyo kwa a mnzake, iye nkukakhala pa benchi. Mapatapata sakankhana, sadumpha mzere, satukwana. Koma alendo amene anabweretsa makina aja anawajambula uku akuseka, inu nkuchita manyazi. Lero pali mzere wa penti yachikasu, aliyense aime ndi mapazi ake, wochokapo wataya malo. Chitukuko chimenechi sitinachiyembekezere.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mabenchi. Anapita ku holo tsiku limene amonke achibuda asanu ndi anayi anadzawaza makinawo madzi odalitsa, ndipo mpaka pano akadali komweko. Akuti tsikulo munaima ola lathunthu mukulankhula, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Ndinasirira.

Chachitatu, mlonda wanu, a Boonlert, mumukweze pantchito. Pakhonde patsala mpando umodzi ndipo amaulondera kuposa mkazi wake. Nditaugwira anati, "Azakhali, ndakuonani kuchokera pageti paja, liwiro ngati mukuthamangira basi. Mpandowo ngwa odwala, inu mwangotopa." Ndinamuonetsa kalata ya dokotala. "Kalata mukaonetse pawindo lolembetsera," anatero. Windo lake lili kumapeto kwa mzere wa anthu makumi anayi.

Ndayesa katatu. Ulendo woyamba ndinatsamira khoma, namwino nkundiuza kuti angolipenta kumene. Wachiwiri ndinadzikoleka paphewa pa bambo wina amene anali patsogolo panga, mpaka mkazi wake anandifunsa ngati timadziwana. Wachitatu ndinalumira mano, ndinafika poti kutsogolo kwanga kunatsala anthu asanu ndi atatu, nkugwa chagada. Apo ndiye mpando unapezeka, wamatayala, msangamsanga. Anandithamangitsira ku chipinda cha angozi, kundiyeza ndili chigonere, osapeza kanthu. Anandimwetsa madzi a shuga nkundilangiza kuti ndizidya mpunga ndisanachoke kunyumba. Nditabwerera, malo anga anali atapita, monga mwa lamulo.

Chachinayi, ndipo apa ndikuthokoza kuchokera pansi pa mtima, mwandipezera abale. Ndinkayesa kuti ndili ndekha m'chigawo chonse. Koma kuseri kwa malo oimika njinga zamoto kuli kakhoma ka ngalande, ndipo onse olephera mzere wanu amathera pamenepo. Pali a Sawai, wometa amene masiku ano amagwira ntchito yake atakhala pa mpando woyenda ndi timatayala. Pali mayi Thongbai, amene amasinja mapapaya aawisi a saladi yogulitsa pamsika atakhala pa chidebe. Tilipo asanu ndi awiri, aliyense ndi kalata yake m'thumba. A Sawai amati, "Wofika pawindo paja sadwala ameneyo. Awiri anawapezawo ndikufuna ndiwaone, mwina ngasilikali."

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tamva, tabwera, chitseko tikuchionera patali. Sindikunena kuti makina anu andichiritsa. Inu nomwe munati simukudziwa, nchifukwa chake mukufufuza. Ndikungofuna mundipake mafuta oyendetsera makinawo kunkhongo, muyese. Zikakanika ndidzapita kunyumba ndikudziwa kuti zinakanika. Ndikuchita mantha, bwana, ndiponso ndakwiya, ngakhale kukwiyira munthu wamkulu ngati inu nkosayenera.

Pempho langa ndi laling'ono. Sindikupempha mabenchi, mwina kuholo akugwira ntchito yofunika. Lachisanu m'mawa, musanalembere alendo anu kuti odwala anasowa, mutsike ndi kaundula wanu, mudutse njinga zamoto, mufike pangalande. Tikadzakuonani tonse asanu ndi awiri tidzaimirira kukupatsani ulemu, pakuti ndife anthu oleredwa. Mudzaona ndi maso anu chimene mwakhala mukuchifunafuna pa wailesi. Koma cholembera mudzabwere nacho chotsegula kale, chifukwa muli ndi mphindi imodzi yokha yolembera mayina athu tisanakugwereni.

Ine wantchito wanu, wosayenera ngakhale kuima pamaso panu,

Lamduan Phonsri
Mphunzitsi, mpaka kutha kwa teremu ino