Bwana Wathu Ankayamba Wagona

Mukadzamva kuti kunali mayi wina wokongoletsa nyumba amene sankakhudza kanthu asanagone m'nyumba ya kasitomala, musadzatsutse. Anali bwana wanga ameneyo, ndipo ine ndinawasokera makatani zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Tauni yonse inkawatchula kuti Amayi a Pilo. Anzawo a ntchitoyi akamatsika m'galimoto ndi matepi oyezera komanso mabuku a zithunzi, iwo ankatsika ndi pilo m'khwapa. Ankalonjerana ndi eni nyumba, kuvula nsapato, kufunsa chipinda chimene chavuta, kenako gone, dzuwa likuswa mtengo. Lamulo linali limodzi, osawadzutsa. Ine ndi akalipentala tinkadikira pakhonde, tikumvera mkonono wonga wa makina anga osokera akasowa mafuta.

Akadzuka ankafotokoza maloto, ndipo malotowo ndiwo anali pulani ya ntchito. Kwa loya wina anatiitanira masofa achikopa, poti mwina m'banjamo mungabwerere mtendere, chifukwa ankakangana m'mawa uliwonse. Bwana anakagona pasimenti kukhitchini. Atadzuka anati alota firiji ikulira kuti yatopa kumenyedwa. Titayang'ana, zoonadi, chitseko cha khitchini chinkawombana ndi cha firiji, ndiye aloya akamalowa ankakankhira mkazi wawo m'mazira. Tinangosuntha firijiyo, masofa osagula n'komwe. Chaka chotsatira m'nyumbamo munabadwa mwana, ndipo akalipentala mpaka lero amati mwanayo ndi wa firiji.

Mayi wina wamalonda ankafuna pabalaza poyera mbee, makoma, kapeti, ngakhale maluwa omwe. Bwana sanathe mphindi khumi ali m'tulo. Anadzambatuka akuti alota anesi akuwafunsa ngati ali ndi wachibale pafupi. Balazalo tinalipaka penti wachikasu.

Koma imene ndikufuna ndikuuzeni ndi ya bambo anga. Iwo anayendetsa basi zaka makumi anayi, ndipo atapuma ankakhala okha m'kanyumba ka lendi, kutali ndi ife. Anagwa kubafa kawiri. Kachiwiriko anawapeza ndi aneba patapita maola asanu ndi limodzi, ndipo adokotala anandiuza mosabisa kuti kachitatu mwina sadzadzuka. Ndinawatengera kwathu. Chipinda ndinawakonzera ndekha ndi mtima wonse: makatani a lesi, kapeti wofewa, mpando wandalema woyang'ana kukhomo kuti aziona aliyense wolowa. Bambo anangogona pabedi n'kutembenukira kukhoma. Chakudya ankangotola pang'ono, ana anga akalowa ankatseka maso, ndipo mawu awo anali amodzi, akuti mwezi ukatha akubwerera kwawo.

Ndinkachita mantha, komanso manyazi. Zaka zonsezi ndikukometsa nyumba za eni, bambo ondibereka akukana yanga! Kuofesi sindinanene, mpaka tsiku limene ndinasoka katani ya mbalame mozondoka, mbalame zonse miyendo m'mwamba. Bwana anaiyang'ana, anandiyang'ana, ndipo ndinaulula zonse misozi ili chuchuchu. Anangotenga pilo.

Tinapeza bambo ali chigonere.

"Adalaivala, tasunthani, ndigone pamenepo," anatero bwana.

"Mayi, mukudwala?"

"Ayi, ndili pantchito."

"Ine ndikanagona pantchito mukanandiwerenga m'nyuzipepala," anatero bambo, koma anasuntha.

Bwana anagona maola awiri. Bambo anakhala pampando m'kakhonde ka m'kati, akusuzumira kawirikawiri, akundifunsa chapansipansi ngati mayiyu amalipidwadi. Anali mawu ambiri kuposa onse amene anali atandilankhula mwezi umenewo. Dzuwa linasuntha pakapeti, lesi wanga akugwedezeka ndi kamphepo, nyumba yonse ili zii, mpaka inenso ndinayamba kuwodzera choimirira.

Bwana atadzuka anakhala m'mphepete mwa bedi, maso ali otseka theka, n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono. Anati alota akuyendetsa basi yaitali, ikuyandama m'mitambo yofewa ngati thonje la m'makushoni, mawilo osamveka. Kunali kokoma. Koma okwera onse anali atabwera kutsogolo, atakhala pagalasi, akuwayang'ana m'maso n'kumawafunsa mmene adzukira, ngati amwa mankhwala, ngati akufuna bulangeti lina. Msewu sunkaoneka.

"Ndiye munaima?" anafunsa bambo ali pakhomo.

"Mabuleki kunalibe."

Bambo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nkhani ya kwawo.

Pomwepo malamulo anayamba kugwa. Lesi achoke. Kapeti achoke. Mpando wandalema ukapume pabalaza. Akalipentala apite kumene amaphwasula magalimoto akufa, akapeze mpando wa dalaivala wa basi, auike pazenera loyang'ana kumsewu, msana kukhomo. Pamwamba pa zenera apachike galasi lalitali lopendekera, ndipo kumbuyo kwa mpandowo aike benchi. Ine mtima unandipweteka ndi lesi wanga, ndipo ndinafunsa ngati ndi ulemu kuti bambo anga azifulatira alendo.

"Akhala akufulatira anthu moyo wawo wonse," anatero bwana, "ndipo palibe amene anamutaya panjira. Munthuyu amaona anthu pagalasi, achemwali. Inu mwakhala mukumuimira kutsogolo."

Musaganize kuti chipindacho chinasanduka garaja. Bwana ankati chinthu chichokere kudzala, koma chisadzitame nako. Mpandowo ndinaukuta ndi nsalu yofewa yabuluu, galasi analiika m'felemu la matabwa opala bwino, benchi tinaiyalira makushoni atatu, ndipo pazenera tinangosiya kakatani kafupi kotchinga dzuwa m'maso. Khoma analipaka mtundu wa kumwamba kukangocha.

Bambo analowa ndi ndodo yawo, anazungulira mpandowo, anaumenya kawiri ndi chikhatho, n'kukhala. Anakweza dzanja n'kukonza galasi ndi zala ziwiri. Ndinaona maso awo mmenemo, akutiwerenga mmodzimmodzi. Sananene kanthu, ngakhale zikomo. Kunali kutatsala masiku khumi ndi awiri kuti mwezi uthe, ndipo nditatulukira panja ndinauza bwana kuti talephera. Iwo anayasamula n'kunena kuti basi sinyamuka isanadzaze.

Masiku otsatirawo ana anga anayamba kulimbirana benchi ija akaweruka kusukulu. Ndinkamva bambo akuwauza kuti galimoto yadutsayo yatha mabuleki, inayo dalaivala wake laisensi anachita kutola. Koma za ulendo wa kumapeto kwa mwezi sanabweze mawu, ndipo ine ndinkaopa kufunsa.

Sabata yomweyo bwana anadwala. Anagonekedwa m'chipatala masiku anayi, lachisanu m'mawa anatisiya. Akalipentala atamva anakhala pansi pa utuchi, n'kunena kuti kumwambako akonzeke, mipando isunthidwa. Tinaseka, kenako tinalira mpaka mitu kuwawa.

Tinabwerera kuofesi tsiku lomaliza la mwezi. Mwana wamkazi wa bwana, amene anaphunzira ntchitoyi kusukulu, anali atayatsa kale kompyuta. Ndi waluso, sindinama, amakuonetsa chipinda chonse usanagule ndi msomali womwe. Koma muofesimo munali ngati mwachotsedwa katundu. Nsalu zinali m'mashelefu momwe, zitini za penti pomwepo, koma mawu ankamveka ngati m'nyumba yopanda makatani. Nthawi ya masana itakwana, nthawi imene bwana ankakonda kugona, ndinazindikira kuti tonse tikunong'onezana, akalipentala aika hamala pansi, tikuyenda monyang'ama. Palibe amene anauza mnzake kuti asiye. Ine ndinayesa kulowetsa ulusi m'singano kasanu, n'kulephera.

Ndinaweruka msanga. Njira yonse mtima unali m'mwamba, ndikuganiza kuti ndikawapeza bambo atavala jekete, akudikira kuti ndiwaperekeze. Bwana kulibe, ndipo panalibenso wina woti akandigonere m'chipinda chija.

Ndinaima pakhomo pawo. Anali pampando, msana kwa ine, manja pamaondo, akuyang'ana magalimoto a anthu oweruka. Sanatembenuke. Maso awo anandipeza pagalasi, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapisa m'thumba la malaya, n'kutambasulira dzanja kumbuyo, pamwamba pa phewa. Anali makiyi awiri omangidwa pakachingwe kakuda ndi litsiro.

"Ukapereke kwa eni kanyumba ka lendi kaja," anatero. "Uwauze apeze wina."

Ndinalandira, misozi n'kuyamba kutsika.

"Khala kumbuyoko, mwanawe," anatero bambo. "Lira bwinobwino. Ndikukuona."