Utuchi wa M'thumba

Ku Mavwere kunalibe munthu wonoletsa tcheni cha makina ocheka matabwa kwa a Eneya popanda kubweretsa utuchi m'thumba. Kaya wapalasa njinga kuchokera ku Chiosya, kaya wadutsa malire kuchokera ku Zambia, funso linali lomwelo: "Utuchi uli kuti?" Wopanda utuchi ankabwerera ndi tcheni chake chobuntha, akutukwana njira yonse.

Utuchiwo ankauthira pachikhatho, kuutikita, kuununkhiza, mwinanso kuulawa kumene.

"Uwu ndi ufa wa phala la mwana," ankatero. "Makina akowa sakudula, akunyambita mtengo."

A Cyprian, otsogolera kwaya, anaiwala wawo tsiku lina, nkungotapa wa kwa kalipentala panjira. A Eneya ananunkhiza kamodzi kokha.

"Mwati mukucheka bulugamu? Uwu ndi mlombwa, wodulidwa ndi sowo ya manja. Lamulungu musanaimbitse, muyambe mwalapa."

Koma chimene ankakangana nacho ndi dziko lonse ndi kachitsulo kotukuka kamene kamakhala patsogolo pa dzino lililonse la tcheni, koletsa dzinolo kuluma mozama. Iwo ankakatcha mlonda. Ankakayeza ndi kachidutswa ka sowo yodulira zitsulo kamene ankavala m'khosi ngati kolona. Tupa ankakadutsitsa kawiri, basi. Kachitatu ayi, olo mugwade.

Wovutika kwambiri ndi lamuloli anali Vitus, mwana wa mlongo wawo, bambo wa ana anayi, wamphamvu ngati ng'ombe ya pangolo koma wa phuma.

"Malume, tsitsaniko alondawa. Anzanga akucheka matabwa fote pa tsiku."

"Anzakowo ali ndi zala zingati?"

"Khumi."

"Ukawerengenso chaka chamawa. Dzino lopanda mlonda limameza chimene silingatafune. Makina akatsamwa amabwerera kwa mwini wake."

Vitus ankachoka akung'ung'udza, koma zala zake zinali zonse.

Kuseri kwa nyumba ya a Eneya kunali chigogo cha malaina chimene anagwetsa zaka ziwiri m'mbuyomo. Masana ankagonapo chagada, manja pachifuwa. Akazi awo a Esitele akakalipa, iwo ankati, "Ndikuyesa nyumba yanga. Ndikadzafa bokosi langa lidzachoke apa. Musadzandiike m'makatoni aja amagulitsa ku boma, ndingadzatulukire pansi." Anthu ankaseka mpaka misozi.

Chifuwa chinawatenga a Eneya mu Febuluwale, mvula ili pakati. Adzukulu anauza abale kuti manda akudzadza madzi, maliro aikidwe mvula ya masana isanabwere. Maso onse anatembenukira kwa Vitus. Mawu a malume ake ankawadziwa, ndipo anatsimikiza mtima kuti munthu amene anamulera sagona m'katoni.

Tcheni chinali chobuntha. Wonola anali gone m'nyumba, kachitsulo koyezera kali m'khosi, amayi atamuzungulira akulira. Kulowamo nkukavula maliro mkanda, Vitus analibe mtima umenewo. Anatenga tupa nkunola yekha. Atayang'ana kumwamba nkuona mitambo ikuda cha ku Zambia, anapita pa alonda aja. Kawiri. Kachitatu. Kachisanu.

Thabwa loyamba linatuluka ngati akudula papaya. Vitus anamwetulira, pamaliro pomwe, poganiza kuti nkhalamba ija inkangomuchedwetsa zaka zonsezi. Pa thabwa lachitatu mano anakumana ndi mfundo. Makina anatsamwa, nkulumpha.

Galimoto yomwe inabweretsa abale a ku Lilongwe ndi imene inathamanga naye ku chipatala ku boma, mkazi wake Imelda atamukulunga dzanja lamanzere ndi chitenje. Pobwerera, galimoto yomweyo inanyamula bokosi logula, lopyapyala, lopaka vanishi wonyezimira. A Eneya analowa m'manda m'katoni momwemo, mvula ikukhuthuka, Vitus kulibe. Zinali zomvetsa chisoni, ndipo palibe anakumbutsa nthabwala ija.

Lero makina akamalira m'madimba a ku Mavwere, palibenso wotchera khutu ngati a Eneya nkunena kuti awo ndi a uje, tcheni chatha. Chigogo cha malaina chikadali pomwepo, chocheka theka, chiswe chikudya. A Esitele amakana kuti anthu awazepo nkhuni.

Pakhonde pamene a Eneya ankanolera tcheni pamakhala Vitus, ndiye wonola tsopano. Kucheka anasiya. Tcheni amachipanikiza ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, zokhazo zimene zinatsala kudzanja lamanzere, ndipo m'khosi anamangamo kachidutswa kena ka sowo. Amafunsa utuchi ngati malume ake, koma palibe amaseka.

Sabata yatha kunabwera a Innocent a ku Mlonyeni, thukuta lili kamukamu, akuti ali ndi oda ya matabwa a sukulu.

"Achimwene, tsitsaniko alondawa, ndikuchedwa."

Vitus sanafunse za zala za munthu aliyense. Anaika tupa pansi, nkukweza dzanja lamanzere.