Timapaipi ta Silashi ndi Sizasi ya Apongozi

Lolemba

Makina afika! Eneless, mng'ono wanga wa m'tauni, watsika nawo minibasi atawakulunga m'bulangeti ngati khanda. Amagaya ayezi ndi juwisi mpaka zikhale ngati phala lozizira. Akuti dzina lake silashi.

Wandibwereka sabata imodzi. Loweruka kuli fainolo ya mpira pabwalo la kuseri kwa okala yanga. Malonda akayenda, makina akhala kuno ku Namitete. Akakanika, apita kwa mnzake wa ku Nsaru. Zaka zonsezi ndikumanga mafirizi m'timapepala, ulendo uno ndituluke.

Wabweretsanso katoni ya timapaipi tomwera. Tonenepa, kuti ayezi asatseke njira, ndipo kumapeto kwake n'kophwatalala ngati kasupuni. Akuti: "Mumayamba kukoka zamadzizo, ayezi wotsalira pansi mumatapa ndi kasupunika. Mutisamale asisi, kuno simungatipeze."

Amuna anga, bambo a Tadala, atenga kamodzi, akatembenuza uku ndi uku. "Chomwera n'chomwera, chodyera n'chodyera. Nanga ichi, mleme?"

Lachiwiri

Kuyeserera pakhomo. Dzuwa likuswa mtengo, silashi wofiira psuu. Ndikunyada.

Woyamba kulawa ndi apongozi, amene abwera kuchokera ku Kabudula kudzaonetsa bondo kuchipatala. Aika kasupuni kukamwa, mbali inayo m'kapu. Ndawatembenuzira mwaulemu. Abwezera momwe anagwirira. Kenaka akoka mwamphamvu ngati akupopa mjigo, agwira chipumi, kapu pansi!

"Mayo mutu wanga! Amake Tadala, kodi ndinakulakwirani chiyani?"

Ndafotokoza kuti zozizira zimatero ukamwa mothamanga, zimatha zokha. Zathadi zokha. Apempha kapu ina.

Bambo a Tadala sakukoka n'komwe, akungotapa ngati phala la mgaiwa. Akuti mwamuna wamkulu sangayamwe pagulu.

Lachitatu

Tsiku loyamba pa okala. Mawu asasa ndi kulankhula. Aliyense ndimuphunzitse: kokani kaye, tapani pambuyo, kasupuni pansi. Pansi!

Zomwe ndaona lero:
wakabaza wina wapemerera m'malo mokoka, silashi wandithovokera kumaso;
mayi wa tomato wakana kapaipi, akuti kanapondedwa ndi galimoto;
aphunzitsi ena opuma pantchito aima pakhomo n'kuyamba kufotokozera anthu za mphamvu ya mpweya, osagula kanthu.

Madzulo agogo awiri abwera kudzafuna timapaipi tokha, silashi ayi. Akuti kasupunika kakukwana bwino m'kabotolo ka fodya wa pamphuno. Ndawakaniza. Achoka akung'ung'udza kuti ana a masiku ano ndi oumira.

Komabe amene amvetsa abweranso kachiwiri. Loweruka ndi langa, eti!

Lachinayi



M'mawa ndapita kokaoda shuga ndi makapu. Katoni ndaisiya pakhonde, apongozi ali pamkeka, bondo atawongola. Pobwera ndawapeza pomwepo, sizasi yanga yosokera ili m'manja, pambali pawo mulu wa tizidutswa tofiira ngati makoko a nyemba.

Timasupuni tonse. Tonse! Adula.

"Akuberani m'tauni, mwana wanga. Tonse tinali tophwanyika kumapeto. Ndati ine kungokhala osathandiza, ayi. Onani tsopano, tawongoka."

Nkhope ili ngwee, akudikira kuyamikiridwa. Zala zatupa ndi sizasi, ayamba nditangochoka osapuma. Munthu unganene chiyani kwa mayi wobereka mwamuna wako? Ndagwada. Ndati zikomo amayi, mwagwira ntchito. Kenaka ndapita kuseri kwa khola la nkhumba, ndaluma chitenje mpaka chabooka.

Bambo a Tadala atamva aseka mpaka kutsamwa. Lero adzipatsa okha madzi osamba.

Lachisanu

Tsiku lokonza zinthu. Palibe chakonzeka.

Ndayesa kuphwatalalitsa kumapeto ndi simbi ya makala. Pulasitiki wasungunuka, wamatirira kusimbi, nyumba yonse fungo.

Ndazungulira magolosale onse. Kuli timapaipi towonda ta zakumwa za m'botolo. Ayezi akutseka pakamodzi, ndakoka mpaka masaya kukumana m'kati, maso kutuluka. Ngakhale dontho.

Mapesi a masamba a papaya, nzeru za bambo a Tadala: akuwawa ngati kwinini.

Masupuni a tiyi a m'nyumba: ndingapatse bwalo lonse la mpira? Ndipo sangabwerere, anthu ake ndikuwadziwa.

Eneless waimba. "Zikuyenda asisi?" Ndati zikuyenda. Akuti mawa abwera ndi chibwenzi chake cha ku banki, chidzaone bizinesi ya kwathu. Ambuye!

Basi, ndigwiritsa ntchito todulidwato. Kapaipi ndi kapaipi.

Loweruka

Si kapaipi.

Apongozi sanadule mofanana. Tina tafupika moti sitikufika pansi pa kapu. Munthu akukoka pang'ono, zamadzi zatha, kwatsala chibuma cha ayezi chomata pansi, chotapira palibe. Ndiye aliyense akupendeketsa kapu kukamwa, kugogoda kumbuyo. Chibuma chikukana, chikukana, kenaka chonse phwa! pamphuno.

Pofika hafu taimu, theka la ochemerera lili ndi nkhope zofiira ngati kwachitika ndewu. Wina akufuna ndimuchapire jezi. Ena abwerera ku mafirizi a mayi wina wa patsidya, ndikumuona akumwetulira.

Eneless wafika ndi mlamu wam'tsogoloyo. Waulemu, shati yoyera mbee, nsapato zowala. Ndati ndimubweretsere supuni ya m'nyumba, wati musavutike mlamu. Ndamuona akukweza kapu. Ndafuula kuti dikirani. Mochedwa. Kuyambira pachibwano mpaka pa lamba.

Eneless watola kapaipi, wakayang'ana kumapeto, wandiyang'ana ine. "Asisi, kasupuni kali kuti?"

Ndisanatsegule pakamwa, apongozi ali pa benchi akweza dzanja. "Ndakonza ndine, mwana wanga. Ulendo wina muziona bwino pogula."

Eneless naye analeredwa. Wati zikomo amayi. Koma diso limene wandiponyera!

Ndani wawina mpira, sindikudziwa.

Lamulungu

Makina apita ku Nsaru ndi minibasi ya m'mawa. Eneless watsanzika bambo a Tadala, watsanzika apongozi, ine wangondigwedezera mutu. Shati ndaiviika, yasanduka yapinki. Ndidzaitumiza ikauma, kapena ndisaitumize.

Kutchalitchi anthu ena milomo ikadali yofiirira poimba. Ndayang'ana m'buku la nyimbo mpaka pomaliza.

Potuluka ndamva apongozi akuuza amayi anzawo kuti mkazi wa mwana wawo ndi munthu, sanawakwezerepo mawu chikwatiwire. Zandikhudza, ndisaname. Mkwiyo watsika pang'ono.

Masana ndikumanga mafirizi a mawa, apongozi abwera kudzakhala pafupi. Akuti aona kuti bizinesi ikundilemera ndekha, ndiye ku Kabudula sabwerera mpaka mvula itagwa. Bambo a Tadala apita kale pa njinga kukawatengera zovala.

Apongozi akuti mawa ayambira kukonza firiji. Ikulira mosayenera.