Batani Lofiira la a Hamidu

Sindikonda kuweruza munthu msanga, koma za Amalawi atatu aja okhala ku Makause, kufupi ndi Kempton Park, ndalingalira mokwanira.

Pulani inabadwira m'shabini ya Mai Maggie, mabotolo atayamba kuchuluka pansi pa tebulo. Symon, wotchetcha kapinga amene anzake ankamutcha Manijala chifukwa ndi zimene ankauza abale ku Dedza, anali pamoto. Chibwenzi chake, Ennet, chinali chitanena mosapsatira: atumize chithunzi ali mu ofesi Lamlungu lisanafike, apo ayi amalume ake alandira mawu a mphunzitsi wina.

"Situdiyo ya a Hamidu ku Kempton Park," anatero Symon. "Lachisanu masana amatseka, amapita ku mzikiti. Muli kamera, suti zobwereketsa, mpando wozungulira. Inu mutenge katundu, ine ndikungofuna chithunzi."

"Makinawo ndimawadziwa, aise," anatero Geoffrey, wotchedwa Injiniya, amene anakajambulitsako chithunzi cha pasipoti ataima kumbuyo kwa mwiniwake. "Mdala uja sagwira kiyibodi. Ali ndi kabokosi ka mabatani. Zimene ena amapinda nazo zala zitatu, iye anaziika pa batani limodzi. Lobiriwira limajambula, kopotokola kamawalitsa nkhope, lofiira limafufuta."

Wachitatu, Clever, ankatchedwa Chitseko chifukwa cha luso lake pa maloko. Iye anangoti, "Shapu."

Lachisanu chitseko chakumbuyo sichinavute. Kompyuta anaipeza yoyaka. Symon anavala suti, nakhala pampando wozungulira. Clever anamugwiritsa chitsulo chothyolera maloko kuti iye amasule mawaya.

Geoffrey anadina lobiriwira. Kamera inaphethira. Anapotokola, nkhope ya Symon inawala.

"Eish, bra!" anatero Symon. "Wonjezako mimba. Manijala sakhala wowonda."

"Mimba ilibe batani."

"Fufuza bwino, mdala uja amanenepetsa akwati."

Clever anasiya mawaya. "Nanenso amayi sanandione chichokereni kumudzi."

Anajambulitsa. Kenako Geoffrey. Kenako onse atatu atakolekana manja m'khosi, kumbuyo kuli nsalu yojambulidwa nyumba zosanja.

"Basi, majita," anatero Geoffrey. "Tisunge cha Manijala chokha. Zinazi tifufute, ndi umboni."

Anadina lofiira. Chithunzi sichinachoke. Anapita pa china, nadinanso. Osachoka.

Apa ndiyenera kunena chilungamo: Geoffrey sananame. Batanilo linkafufutadi. Koma linkafufutitsa a Hamidu zithunzi za anthu mwangozi, ndiye Lolemba analipatsa ntchito ina, yotumiza chithunzi pa sikirini yaikulu ya pawindo, yoyang'ana ku renki ya matekisi.

Kunja kunamveka chiphokoso.

"Ndi mpira umenewo," anatero Clever.

Geoffrey anapitiriza kudina, tsopano ndi chala chachikulu. Nthawi iliyonse akadina, kunja ankakuwa. Mayi wina anafuula m'Chizulu kuti abweze choyamba chija, chinali bwino.

Atatopa ananyamula kamera, natsegula chitseko. Anapeza oyitanira matekisi, amayi ogulitsa nthochi, ndi a Hamidu atavala mkanjo woyera, pamodzi ndi theka la mzikiti.

A Hamidu sanakalipe. Anayang'ana Symon kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, vulani kaye sutiyo. Ili ndi ukwati mawa."

Galimoto ya polisi itafika, Symon anagwadira a Hamidu. Sanapemphe chikhululukiro ayi.

"Bambo, chonde, mumutumizire Ennet cha pampando chija. Nambala ndikupatsani."

Sanafunike kuvutika. Amalawi a ku Kempton Park ali ndi mafoni, ndipo Dedza sikutali. Chithunzi chinafika kwa Ennet dzuwa lisanalowe, kudzera mwa anthu ambiri achifundo. Yankho lake Symon analimvera m'chitokosi, wapolisi akumuwerengera pang'onopang'ono Chichewa chimene sankachimva:

"Sutiyo yakukhalani. Nanga chitsulo chili m'manjacho ndi cholembera cha ku ofesi? Aphunzitsi akupereka moni."