Sabata imene ndinapempherera nambala kuti ikwere

Lolemba
Bambo a Tiyamike ali m'tenti ya odwala Kovidi kuseri kwa chipatala. Kulowa ayi. Chakudya tikusiya pampanda, ine ndi mlamu wanga Fabiyano. Anamwino akuti atenga magazi, ndipo nambala ya chinthu chotchedwa CRP ithandiza kuona ngati akhale pano kapena awakweze ambulansi ya ku boma, kumtunda kozizira kuja kumene tilibe ndi m'bale yemwe. Sindikufunsa zambiri. Za magazi ndimazidziwa: Bayoloje ndinakhoza, ku sikelo ndayendako mokwanira. Nambala ikachepa ndiye tsoka. Ntchito ya sabata ino: kuikweza.

Lachiwiri
Zofunika poonjezera magazi:
chidede
masamba a mapeyala, owiritsa
bonongwe
chiwindi cha mbuzi
novena
Fabiyano wapalasa mpaka ku Golomoti kusaka chiwindicho. Apongozi akuti, "Mwana wanga anadziwa kusankha, mkazi wa sukulu." Kunyada ndi tchimo, ndikudziwa. Koma zandikomera.

Lachitatu
Yakwera! Anamwino angonena ali chiimire, "Mayi, yakwera," n'kubwerera m'kati. Ndagwada pafumbi pomwepo. Uthenga kwa a kwaya onse: musafooke kupemphera, ikukwera! Chodabwitsa n'chakuti pafoni bambo akunena mawu awiri n'kupuma, awiri n'kupuma. Mwina n'kukhuta chiwindi.

Lachinayi
Mbale yabwerera yosavundukula. Ndaonjezera chidede. Amayi a mumphakati wathu wa kutchalitchi ayamba kusala kudya, nambala ipitirire. Fabiyano: "Alamu, nanga anamwino aja akamati yakwera bwanji samaseka?" Ndamuuza kuti sangaone mano m'kati mwa masiki. Koma maso aja ndawaona nanenso.

Lachisanu
Yakweranso. Ndakuwa, "Alemekezeke!" Anamwino andiitanira pansi pa mtengo. "Mayi, iyi si nambala ya kuchuluka kwa magazi. Imaonetsa mmene thupi likutupira m'kati polimbana ndi matendawa. Ikamakwera ndiye kuti zikuvuta."
Mayo ine!
Ndafunsa ngati ndi chidede. Akuti chidede chilibe mlandu. Za mapemphero a novena ndaopa kufunsa.

Loweruka
Kulapa, panja. Bambo mfumu akhala patali chifukwa cha matendawa, moti machimo ndachita kufuula, wosesa akumva. Kunyada. Kusafunsa. Kusocheretsa kwaya ndi mphakati wonse. Akuti, "Mwana wanga, Mulungu si wakabaza woti ukati khota apa akhote." Kenaka chifuwa chawagwira. Kapena n'kuseka?
Masana ambulansi. Ndangoona mapazi a bambo a Tiyamike ndi botolo la mpweya, chitseko n'kutsekedwa. Apongozi sakundilankhula. Uthenga watsopano kwa a kwaya: chonde tembenuzani, itsike! Mayi wina wa alito: "Tsono titsate ziti, amayi a Bayoloje?"

Lamulungu
Ndili ku boma, pakhonde la odikirira odwala, chitenje chimodzi. Kuzizira! Misa ndajomba, ilo ndi tchimo la sabata ya mawa. Bambo ali pa mpweya, koma akwanitsa kutumiza mawu: "Muwauze mayi a Tiyamike ayambe apuma kundithandiza." Adokotala akuti nambala yaima, sinakwere, sinatsike, ayezanso. Ndafunsa ngati kuima n'kwabwino, ndafunsanso kachiwiri. Akuti tidikire.
Ambuye, ndaleka kukuuzani kolowera. Nambalayo muone nokha. Ine mundibwezere munthuyo basi.